Foni ikakometsa munda wopserera, umboni uli kuti?

ALIYENSE amene anayesapo kujambula cithunzi pa Feira, pomwe mtsinje wa Luangwa uthira mu Zambezi, adziwa bvuto limene tifuna kukambapo lero. Maso aona zonse nthawi imodzi: madzi onyezimira, mapiri a kutsidya, nyumba za ku Zumbo, asodzi ali m'mabwato, ndi amai okhala pamthunzi ndi nsomba zao. Koma poyang'ana m'foni upeza zina. Mwina kumwamba kwayera mbee ngati pepala ndipo mapiri asowa. Mwina kumwamba kwatuluka bwino, koma amai aja asanduka mdima wokha-wokha, wosadziwa kuti uyu ndani.

Mafoni a masiku ano acenjera. Ambiri ali ndi njira yogonjetsera bvutoli, ndipo pagalasi pamaoneka malembo atatu akuti HDR. Malembo amenewa aimira mau a Cingerezi onena za kutalikirana kwakukulu pakati pa malo owala kwambiri ndi malo amdima kwambiri pa cithunzi cimodzi. Foni ikagwiritsa nchito njirayi, kumwamba kutuluka, mapiri atuluka, nkhope za amai zituluka. Nthawi zina zituluka mopitirira, kotero kuti Feira wa m'foni akongola kuposa Feira amene tikhalamo.

Wina anganene kuti nkhani yotere ndi ya alendo obwera ndi makamera akulu-akulu ku Lower Zambezi, osati ya ife alimi. Ife tikana. Kale cithunzi cinali ca cikumbutso cabe. Wojambula anali kubwera panjinga pa tsiku la ubatizo kapena la ukwati, filimu n'kupita ku Lusaka, ife n'kudikira milungu ingapo. Lero cithunzi ndi mboni. Njobvu zikalowa m'munda usiku, m'mawa tijambula ndi kutumiza kwa oyang'anira nyama zakuthengo, amene ambiri tikali kuwaitana a ZAWA ngakhale dzinalo linasintha mu 2016. Masamba a cimanga akasintha mtundu titumiza cithunzi kwa alangizi a zaulimi. Denga la chalichi likasasuka ndi mphepo, Bambo Mfumu afuna zithunzi zoti aonetse kwa otithandiza. Mboni yotere tiyenera kuidziwa bwino: iona motani, ndipo ndani aiphunzitsa zokamba.

Tiyambe ndi diso. Akatswiri akayesa kuwala ndi zipangizo zao apeza kuti dzuwa la masana lifika pa 100,000, pamene mwezi wathunthu sufika n'komwe pa 1. Komabe munthu ayenda bwino masana, ayendanso pamwezi pocokera kumaliro. Cinsinsi n'cakuti diso silikhala phee. Likayang'ana pamadzi owala, mwana wa diso acepa. Likatembenukira pamthunzi, mwana wa diso akula. Ubongo usonkhanitsa zonse zimene diso laona apa ndi apo, n'kutipatsa cithunzi cimodzi, ife osadziwa kuti pacitika nchito. Kokha polowa m'nyumba yamdima masana ndi pomwe tizindikira, cifukwa tiyamba taima pakhomo kufikira maso atazolowera.

Kamera ilibe mwai umenewo. Itsegula diso lake kamodzi, kwa kanthawi kocepa, n'kutseka. Ojambula ayesa kuwala m'masitepe, ndipo sitepe iliyonse ndi kuwirikiza kawiri. Masitepe 10 atanthauza kuti powala paposa pamdima ka 1,024. Kamera yabwino ya akatswiri itha kugwira masitepe 12 kufika 14 pa kujambula kumodzi. Kaso ka foni n'kakang'ono, kosafika pa cikhadabo ca cala, motero kagwira zocepa. Pepala losindikizapo cithunzi ligwira zocepa kuposa pamenepo. Tsono dzuwa likamenya pamadzi a Zambezi, munthu ali pansi pa mtengo wa musau, kusiyana kwake kuposa zimene foni ingathe kunyamula. Zili ngati kuthira thumba la makilogalamu 50 a cimanga m'tini imodzi: cina ciyenera kutayika. Cimene catayika kumwamba cisanduka coyera, cimene catayika pansi cisanduka cakuda, ndipo palibe mmisiri angacibweze pambuyo pake cifukwa kamera sinacilembe.

Bvutoli silinayambe ndi mafoni. Pamene David Livingstone anafika pa mathiriro ano mu Januwale 1856, anapeza mabwinja a chalichi ca miyala ndi belu losweka, koma anangolemba m'buku, kamera analibe. Pa ulendo wake wa 1858 anabwera ndi dokotala John Kirk, amene zithunzi zake za kumunsi kwa mtsinje, m'dziko la Mozambique, zili pakati pa zithunzi zoyambirira za Zambezi. Pa zithunzi zambiri za zaka zimenezo kumwamba kuoneka koyera kopanda mtambo. Mitambo inalipo ndithu, koma mankhwala ojambulira a nthawiyo anali kumva msanga kuwala kwa buluu, kotero kuti pofika nthawi yakuti mitengo ndi nthaka zioneke, kumwamba kunali kutapsa kale.

M'zaka zomwezo ku France kunali wojambula wina, Gustave Le Gray, amene anapeza nzeru. Pojambula nyanja pa doko la Sète mu 1857, anajambula kawiri: kamodzi mofulumira kuti agwire mitambo, kenaka kwa nthawi yotalikirapo kuti agwire madzi. Posindikiza analumikiza ziwirizo pa pepala limodzi. Anthu anadabwa kuona mafunde ndi mitambo pamodzi. Imeneyi ndiyo HDR ya makolo, yocita ndi manja. Ku America, Ansel Adams anali kucita zina m'cipinda camdima cotsukira zithunzi: posindikiza anali kuphimba mbali ina ndi dzanja kuti isade, mbali ina n'kuipatsa kuwala kwambiri. Cithunzi cake codziwika ca mwezi ukutuluka pa mudzi wa Hernandez, cimene anajambula mu 1941, anacisindikiza kambirimbiri, ndipo popita zaka kumwamba kwake kunanka kudera-dera. Mudzi unali womwewo, mwezi womwewo, koma dzanja la mwini linasintha.

Makompyuta atabwera nchitoyi inapepuka. Mu 1997 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Berkeley, Paul Debevec ndi Jitendra Malik, anaonetsa masamu olumikizira zithunzi zingapo za malo amodzi, zina zakuda zina zowala, kuti pakhale cimodzi cosunga kuwala konse. Citsanzo cao codziwika kwambiri cinali mkati mwa chalichi ca pa Stanford, momwe mawindo awala koma denga lili mumdima. Ife amene tayesapo kujambula m'chalichi ca ku Katondwe kapena m'machalichi athu ang'ono a m'midzi tidziwa kuti anasankha malo oyenera. Mu 2005 pulogalamu ya Photoshop inaikamo njira yolumikizira zithunzi zotere, ndipo mu 2010 kampani ya Apple inailowetsa mu iPhone 4, imene inali kujambula katatu munthu akadina kamodzi. Lero ngakhale mafoni otsika mtengo acita zimenezi, ambiri osamufunsa n'komwe mwini foni.

Zimene foni icita m'kamphindi kameneko ndi izi. Ijambula zithunzi zingapo motsatizana. Pa cakuda itengapo mitambo, pa cowala itengapo za pamthunzi, pa capakati itengapo zotsala. Kenaka ipanikiza zonse kuti zikwane m'tini ija: itsitsa kuwala kwa kumwamba, ikweza kuwala kwa pansi. Pakupanikiza apa ndi pomwe pali nzeru, ndiponso ndi pomwe pali cinyengo, cifukwa palibe lamulo la cilengedwe lonena kuti mthunzi ukwezedwe kufika pati. Anasankha ndi munthu wina ku kampani, kutali, amene afuna kuti wogula akondwere ndi foni yake.

Mukayang'anitsitsa mutha kugwira foni ikulakwitsa. Cinthu cikayenda pakati pa kujambula koyamba ndi komaliza, cituluka kawiri: nkhafi ya msodzi ioneka ngati ziwiri, mwana wothamanga akhala ndi mzukwa pambuyo, bango logwedezeka ndi mphepo lisanduka utsi. Mlambe ukaima kutsogolo kwa thambo, m'mphepete mwa nthambi zake muoneka mzere woyera ngati uja ozokota amaika pamutu pa oyera mtima. Ndipo kupanikiza kukanyanya, mithunzi yonse itha, cithunzi n'kukhala ngati ca pa citenje, cosadziwika ngati ndi m'mawa kapena madzulo. Ife tiganiza kuti mthunzi uyenera kukhala mthunzi. Munthu wosadziwa kutentha kwa cigwa cino ayenera kuona pa cithunzi cifukwa cake mbuzi zonse zaunjikana pansi pa mtengo umodzi.

Ofuna kujambula mtsinje ndi mapiri bwino sasowa zambiri. Foni itsamire pa mwala kapena pa nthambi kuti isagwedezeke. Galasi la kamera lipukutidwe, pakuti fumbi ndi thukuta la m'thumba ndizo zicititsa cifunga pa zithunzi zambiri zimene tiona. Dinani ndi cala pa malo owala a cithunzi, kapena tsitsani pang'ono kadzuwa kamene kaoneka pagalasi, cifukwa n'kwapafupi kuwalitsa mthunzi pambuyo pake kusiyana ndi kubweza thambo lopsa. Koposa zonse sankhani nthawi. Dzuwa litangotuluka, kapena litatsala pang'ono kulowa, kusiyana kwa kuwala ndi mthunzi kucepa kokha ndipo foni sibvutika. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano za mitundu, zimene ife tiona kuti ndizo zazikulu. Kuwala kulibe mtundu umodzi. Kandulo ipereka kuwala kofiirira, dzuwa la masana lipereka koyera, pamthunzi kuwala kupendekera ku buluu cifukwa kucokera ku thambo. Ojambula ayesa zimenezi ndi manambala: kandulo ili pafupi ndi 1,900, babu lakale lija lotentha 2,700, dzuwa la masana 5,500, ndipo mthunzi 7,000 kapena kuposa. Ubongo wathu ukonza wokha. Nsalu ya paguwa tiiona yoyera m'mawa, tiionanso yoyera pa Misa ya usiku wa Pasaka pamene makandulo okha ndiwo ayaka. Kamera ilibe cikumbukiro ca nsaluyo, ingolota. Iyang'ana cithunzi conse n'kuganiza kuti kuwala kunali kwa mtundu wakuti, kenaka isintha mitundu yonse molingana ndi maganizo akewo. Ikalota bwino, zoyera zikhala zoyera. Ikalota molakwa, madiresi a ana a Ukaristia woyamba atuluka a buluu pansi pa mababu a sola, kapena acikasu pafupi ndi makandulo.

Pamathiriro pathu pali mayeso abwino a nkhaniyi. Nthawi ya dzinja Luangwa abwera wofiira ndi matope, pakuti pa mtsinje umenewu palibe damu loimitsa dothi. Zambezi abwera woyererako, cifukwa matope ake ambiri atsala m'nyanja ya Kariba kucokera pamene khoma linamalizidwa mu 1959. Madzi awiriwa ayenda limodzi kamtunda asanasakanizike. Foni ikaona cithunzi codzala ndi madzi ofiira, nthawi zina iganiza kuti kufiirako n'kwa kuwala, n'kuyamba kukucotsa. Zotsatira zake Luangwa atuwa, Zambezi asanduka buluu ngati nyanja ya pa kalendala. Apa kukonza mtundu n'koyenera ndithu: munthu atsegule cithunzi mu pulogalamu monga Snapseed, imene ndi yaulere, kapena m'zokonzera zimene zili kale m'foni, abweze kufiira kwa madzi kufikira afanane ndi amene anaona. Ameneyo sananame. Wawongola bodza la makina.

Palinso nkhani ya khungu lathu, imene achikulire anzathu aikumbukira bwino ngakhale sanadziwe cifukwa cake. Tsegulani maalubamu a m'ma 1980. Mkwatibwi diresi lake lioneka ulusi uliwonse, koma nkhope yake ndi maso ndi mano cabe. Ambiri anali kunena kuti wojambula ndi wosadziwa nchito, ena anali kudziseka okha kuti ndife akuda kwambiri. Coona n'cakuti kuyambira m'ma 1950 kampani ya Kodak inali kutumiza ku malo otsukira zithunzi khadi loyesera makina, pomwe panali mai wacizungu. Makadiwo anadziwika ndi dzina lakuti Shirley, dzina la mai woyamba kujambulidwapo. Makina akatulutsa bwino khungu la Shirley, anali kuti makina ali bwino. Mphunzitsi wina wa ku Canada, Lorna Roth, analemba mu 2009 kuti ena mwa amene anakakamiza kampaniyo kukonza mitundu yodera anali ogulitsa mipando ya matabwa ndi ogulitsa cokoleti, amene anadandaula kuti katundu wao saoneka bwino pa zithunzi. Taganizani, abale: thabwa linamveka msanga kuposa munthu. Khadi lokhala ndi amai a makungu osiyana linatuluka pakati pa zaka za m'ma 1990.

Mafoni anatengera matenda omwewo mwa njira ina. Ena akapeza nkhope yakuda aiwalitsa kufikira ituwa ngati munthu wadwala, ena aisalaza ngati wadzola mafuta oyeretsa khungu. Mu 2021 kampani ya Google inalengeza kuti yakonza kamera ya foni yake ya Pixel 6 kuti itulutse bwino makungu akuda, ndipo mu 2022 inayamba kugwiritsa nchito muyeso wa mitundu 10 ya khungu wokonzedwa ndi Ellis Monk wa ku Harvard. Mafoni amene afika m'manja mwa alimi athu si amenewo. Ambiri abwera ndi kokometsera nkhope kali koyatsa kale. Tipempha acinyamata amene amajambula pa maukwati, pa cilimbitso, pa mwambo wa Dantho kwa Mfumu Mphuka kapena wa Mbambara kwa Mfumu Yaikulu Mburuma, kuti akazime. Agogo atuluke ndi khungu lao ndi makwinya ao. Adzukulu adzafuna kudziwa nkhope yeniyeni.

Funso tsopano ndi ili: kukonza kuthera pati, ndipo kunama kuyambira pati? Atolankhani a maiko ena analimbana nalo kale. Mu 1982 magazini ya National Geographic inasendeza mapiramidi a ku Egypt kuti ayandikane ndi kukwana pacikuto, ndipo anthu sanaiwale mpaka lero. Mu 2006 bungwe la nkhani la Reuters linasiya kugwira nchito ndi wojambula Adnan Hajj atapezeka kuti anaonjezera utsi pa cithunzi ca mzinda wa Beirut utaphulitsidwa. Mabomba anagwadi, utsi unalipodi, koma iye anafuna kuti ucuruke, ndipo zithunzi zake zonse zinacotsedwa. Mu 2015 oweruza a mpikisano wa World Press Photo anataya cithunzi cimodzi pa zisanu zilizonse mwa zimene zinafika pafupi ndi mapeto, cifukwa eni ake anacotsa kapena kuonjezera zinthu, kapena anadetsa mbali zina kufikira zimene zinalipo zinabisika. Ndipo mu 2023 anthu anaonetsa kuti mafoni ena a Samsung, akaona cinthu cofanana ndi mwezi, aikapo okha timaanga ta mwezi timene kamera sinaone.

Muyeso umene ife tautengapo ndi wapafupi. Ngati munthu amene anaima nawe pamalopo ayang'ana cithunzi n'kunena kuti inde, ndi mmene zinalili, wakonza bwino. Ngati afunsa kuti kodi kumeneku n'kuti, wapitirira. Kuwalitsa mthunzi kuti nkhope ioneke, kubweza thambo limene linalipo, kuwongola mtundu umene foni inapotoza, zonsezi ndi kuthandiza kamera kufika pomwe diso linafika. Kuthira kubiriwira pomwe panali pouma, kufufuta munthu, kubwereka mitambo ya tsiku lina, zimenezo ndi nkhani ina. Cithunzi copacika pakhoma kuti cikongoletse nyumba, citani naco zimene mufuna, malinga muuze anthu kuti mwacipenta. Koma cithunzi copita ku ofesi, ku komiti kapena kwa mfumu cigwera pansi pa lamulo lacisanu ndi citatu, lija tiphunzitsa ana pa katekisimu lonena za umboni wonama. Lamulolo silinasiyanitse pakamwa ndi foni.

Tione mmene zikhudzira mimba zathu. Boma la Luangwa lili m'cigawo ca dziko cimene cilandira mvula yosafika mamilimita 800 pacaka, ndipo cilala sicicedwa kutipeza. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo pa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga amene anabzalidwa, pafupifupi 1 miliyoni anaonongeka. M'nyengo ngati imeneyo zithunzi za minda ziyenda kwambiri pa WhatsApp, kucoka kwa mlimi kupita kwa alangizi, kwa makhansala, kwa a mipingo ndi mabungwe othandiza. Tsono foni imene inaphunzitsidwa kuti udzu ukongola ukakhala wobiriwira, ndi thambo likongola likakhala ndi mitambo yolemera, itenga munda wofota n'kuupatsa moyo. Masamba opiringizika ndi ludzu, otuwa ngati phulusa, atuluka obiriwira bii. Timitambo topanda madzi tituluka takuda ngati mvula ili pafupi. Munthu wokhala mu ofesi ku Lusaka, amene sanapondemo m'mundamo, aona cimanga coti cingacire. Mlimi sananame, koma mboni yake yamupereka.

Mbali inayo iliponso, ndipo tisaibise. Alipo ena mwa ife amene adziwa kukoka kamzere kaja kocotsa mtundu, kuti munda wabwino uoneke wopserera, dzina lilowe pa mndandanda wa cakudya ca thandizo. Alipo ojambula ngodya imodzi yomwe njobvu zinaponda, n'kunena kuti munda wonse watha. Thumba limene wotere alandira licoka pakamwa pa mai wamasiye wa m'mphakati womwewo, amene alibe foni. Ndipo akuluakulu akagwira zithunzi ziwiri zitatu zotere, ayamba kukayika za mudzi wonse.

Pa matenda a mbeu mtundu ndiwo mau enieni a cithunzi. Cimanga cikasowa cakudya cimene tithira ndi fetereza wa Urea, masamba apansi ayamba cikasu kucokera kunsonga, kutsata mtsempha wapakati. Cikasowa cakudya ca mizu, cija cicuruka mu D Compound, mbeu zazing'ono zionetsa kufiirira kodera m'mphepete mwa masamba. Matenda a mizere-mizere aonetsa timizere tacikasu totsata utali wa tsamba. Nchemberezandonda, zimene zinalowa m'dziko muno kumapeto kwa 2016, zisiya timawindo toonekera pa tsamba ndi ndowe zonga utuci pamtima pa cimanga. Alangizi asiyanitsa zonsezi ndi maso. Foni ikaonjezera kubiriwira, cikasu coyamba cibisika. Mukajambula dzuwa likulowa, tsamba labwino lioneka lacikasu. Malangizo akalakwika mlimi agula thumba la fetereza pomwe pafunika mankhwala, kapena mankhwala pomwe pafunika fetereza, ndipo tonse tidziwa mtengo wa thumba limodzi.

Mankhwala a bvutoli ali m'cola ca mwana wa sukulu. Ng'ambani pepala loyera m'kope, muliike pambali pa tsamba kapena pa dothi limene mujambula, kuwala kumene kugwa pa tsamba kugwenso pa pepala. Wolandira cithunzi akaona pepala latuluka lacikasu kapena la buluu, adziwa kuti mitundu yonse yapendekera komweko. Mu Snapseed muli kacida kamene mukakhudza nako pepalalo, mitundu yonse ibwerera m'malo. Akatswiri anyamula khadi lotuwa la nchito yomweyi, koma pepala la m'kope likwanira. Tsamba lijambulidwe pamthunzi wowala kapena kukakhala mitambo, osati pa dzuwa la 12 koloko. Zosefera zonse zokometsa zizimidwe, ndipo ngati foni ilola, HDR izimidwenso pojambula mbeu pafupi. Pa munda woonongeka jambulani katatu: munda wonse muli patali kuti malire aoneke, kenaka pakati, kenaka pafupi pomwe pali mapazi a njobvu kapena phesi lothyoka, khasu lili pambali kuti ukulu udziwike.

Cina cimene ambiri sadziwa n'cakuti WhatsApp ifinya zithunzi kuti zisadye mabandulo, ndipo pofinya itaya timizere tating'ono pamodzi ndi zolembedwa zobisika zonena tsiku ndi ora limene cithunzi cinajambulidwa. Cithunzi ca umboni citumizidwe ngati dokyumenti, ngakhale cidya ndalama yoonjezera pang'ono. Ndipo musafufute coyamba. Mukakonza, sungani ziwiri, cakale ndi catsopano. Tsiku lina wina akadzati mwapenta, mudzatulutsa coyambaco. Dziwaninso kuti magalasi a mafoni sagwirizana: cithunzi cimodzi cioneka cofiirira pa foni iyi, cotuwa pa inayo, ndipo mukakonza mitundu muli padzuwa, galasi litawalitsidwa mpaka kumapeto, mudzadabwa usiku. Konzerani m'nyumba.

Makomiti a machalichi athu aganizirepo nawonso. Mishoni za Kapoche ndi Katondwe zinayamba pamene ansembe a Cijezuiti anaoloka Luangwa kucokera ku Miruro, boma la Portugal litasintha mu 1910 ndi kuwathamangitsa. Zithunzi zakale za nthawi zimenezo, ngakhale zilibe mitundu, zithandiza munthu kuona mmene mitengo inalili yambiri pa phiri lakuti, ndi pomwe gombe la mtsinje linali. Zimene tijambula lero zidzagwira nchito yomweyo kwa obwera pambuyo pathu, pamene adzafuna kudziwa kuti madzi anafika pati caka ca cigumula, kapena kuti nkhalango inali motani makala asanaidye. Mlembi wa komiti asunge zithunzi zosakonza, alembe tsiku ndi dzina la malo, ndipo zina zisindikizidwe pa pepala, pakuti foni imagwa m'madzi.

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, mapiri a kutsidya abisika mu utsi wa lupsa ndi fumbi, dzuwa n'kumalowa lofiira ngati khala lisanafike n'komwe pamzere wa mapiri. Mapulogalamu ambiri ali ndi kamzere kocotsa cifunga, ndipo ukakakoka mapiri abwerera, thambo likhala la buluu. Anyamata akonda kucita zimenezi pa zithunzi za mu Okutobala. Ife tikuti utsiwo usiyeni, ndi wathu, tinayatsa tokha, ndipo aliyense wa kuno akaona cithunzico adziwa mwezi wake popanda kuuzidwa. Wofuna mapiri oyera adikire Epulo kapena Meyi, mvula itatsuka mlengalenga, udzu ukali wobiriwira, Luangwa akali wofiirira. Apite pagombe 6 koloko m'mawa, dzuwa likutuluka ca ku Zumbo, ayang'ane kumtunda kwa Zambezi dzuwalo lili kumsana kwake.